M'mphepete mwa Buku la Mawotchi

Ine ndimasoka mabuku, sindiwerenga mabuku. Anthu akamva zimenezi amaseka, koma ndi zoona. Buku likafika patebulo panga, maso anga amathamangira kumsana kwake, kumene kuli ulusi ndi guluu. Ndimaona ngati chikuto chatha, ngati masamba ali onse, ngati nambala ya tsamba ili ikutsatana ndi ya linzake. Zolembedwa m'katimo ndi za eni ake. Ntchitoyi ndinaiphunzira kwa malemu bambo anga, ndipo ndaigwira zaka makumi awiri ndi ziwiri m'kachipinda komweko ka zenera limodzi, pakati pa wosoka nsapato ndi sitolo ya mankhwala. Ndalakwitsapo zambiri zing'onozing'ono, koma cholakwa chimene chimandikhalabe pakhosi ndi chimodzi.

Linali Lolemba, nyengo imene ophunzira a kukoleji amabweretsa malipoti awo omalizira kuti tiwasokere ndi kuwaikira zikuto. Onse amabwera mochedwa, ndipo aliyense amafuna kuti lake lithe iye ataima pomwepo. Pakati pa chipwirikiti chimenecho panalowa bambo wina wachikulire, wamtali, atavala jekete yotuwa. Nkhope yawo sindinaiyang'ane bwino. Chimene ndinaona ndi batani lapakati la jeketeyo, likulendewera pa kaulusi kamodzi. Ine ulusi wolendewera umandiyabwa m'maso, moti zala zinkafuna kulisoka pomwepo.

Anatulutsa buku m'nsalu ya pilo nkuliika patebulo ndi manja awiri. Linali buku lonenepa, lakale, lophunzitsa kukonza mawotchi. Msana unali utatheratu, masamba ena akungotuluka okha.

"Mayi, ine ndimakonza mawotchi, ndipo bukuli ndi la ntchito yanga," anatero. "Koma si chifukwa chake ndalibweretsa. Malemu akazi anga..."

Pomwepo mtsikana wina anakuwa kuti dzina lake ndalilemba molakwika pachikuto. Foni inalira m'thumba la epuloni. Guluu amene ndinamutenthetsa pa sitovu anayamba kununkha kupserera. Bambowo anapitiriza kulankhula pang'onopang'ono, monga amachitira munthu wosazolowera kunena za kumtima. Ine ndinkangogwedeza mutu. Makutu anamva zonse, koma mutu unali kwina.

"Musadandaule bambo, ntchito timaidziwa," ndinawadula. "Mubwere Lachiwiri la sabata yamawa."

"Nthawi yanji?"

"Nthawi ina iliyonse."

"Kulibe nthawi yotchedwa ina iliyonse, mayi. Ndifika teni koloko."

Lachitatu ndinaligwira bukulo, ndipo ndinaligwira bwino, zimenezo sindingabise. Ndinalimasula lonse, ndinapala guluu wakale, ndinamata masamba ong'ambika pakati, kenako ndinalisoka ndi ulusi wopaka phula. Tsamba loyamba, pamene panali dzina lolembedwa ndi dzanja la mkazi, ndinalisamala ngati dzira, poganiza kuti ndi zimenezo bambo aja ankanena. Ndinaonadi timizere tofooka ta pensulo m'mphepete mwa masamba, koma mabuku akale onse amakhala choncho. Ana amakhwatchamo, eni ake amawerengeramo masamu. Ndinaliika m'chopanikizira kuti msana uume.

Bambo anga anali ndi lamulo limene ankalibwereza mpaka kutopetsa: buku lakale silidulidwa. Latsopano ukalisoka umalidula m'mbali kuti masamba afanane, koma lakale umalisiya momwe lilili, ngakhale m'mphepete mwake mukhale mosalingana. Lamulo limeneli ndimalidziwa kuposa dzina langa.

Lachinayi m'mawa ndinali ndi malipoti makumi anayi ndi atatu oti ndidule. Makina athu odulira timawatchula chimpeni, ndipo ntchito ya pachimpeni ndi ya manja, si ya mutu. Umaika, umapanikiza, umatsitsa mpeni, umachotsa, umatenga lina. Buku la mawotchi ndinali nditalitulutsa m'chopanikizira, lilibe chikuto, nkuliika kumapeto kwa benchi yomweyo. Malipoti atatha, manja sanadziwe kuti atha. Anatenga bukulo, analiika chafufumimba, anapanikiza, anatsitsa. Mpeni unalowa mofewa, mosiyana ndi pepala latsopano, ndipo m'pamene ndinadzidzimuka. Ndinali nditadula mbali imodzi yokha, yakutsogolo, mulifupi ngati chala changa chaching'ono.

Ndinatukwana chamumtima nkuliyang'ana. Mawu osindikizidwa sanakhudzidwe. M'mphepetemo munali mosalala, moyera bwino. Ndinadziuza kuti palibe chaonongeka, mwina mwini wake achita kukondwa. Timalamba ta pepala timene tinadukato tinagwera m'katoni ya pansi, tili mtolo umodzi, ndipo ine ndinapita kukamwa tiyi.

Katoni imeneyo ili ndi mwini wake. Mlamu wanga, mkazi wa achimwene, amakhala pakona ya pafupi ndi khomo ndi katebulo kake, kupanga mikanda ya pepala. Amatenga kalamba kamodzi, amakakulunga pa kawaya, amamata kunsonga ndi guluu, kenako amaviika mu vanishi nkuyanika pazenera. Mkanda ukauma umalimba ngati kamwala, ndipo azimayi amaikonda ya m'khosi ndi ya m'makutu. Tinagwirizana kalekale kuti zonse za m'katoni ndi zake. Vuto la mlamu ndi lakuti ali ndi pakamwa ngati wailesi, ndiponso amawerenga chilichonse chodutsa m'manja mwake, ngakhale pepala lokulungira sopo. Ndakhala ndikumunena zaka zambiri chifukwa cha khalidwe limeneli.

Lachisanu m'mawa ndinali kudula nsalu ya chikuto, iye akukulunga mikanda yake, pamene anayamba kuseka yekha.

"Mlamu, mapepala achikasu awa mwawatenga kuti? Muli nkhani zokoma bwanji! Tamverani iyi: 'Tsegulani zenera, mukundiphika.' Iyi nayo: 'Mchere wachuluka koma ndadya.' Mayi ameneyu anali wovuta ngati inu."

"Tandisiyani mlamu, ndikuyeza."

"Koma yoyambirira ya dzulo ndi imene inandiseketsa. Akuti, 'Batani la jekete yanu lagwedera. Mudikire ndichire, musapatse wina.' Nsanje mpaka pa batani!"

Lumo linandigwa m'manja. Ndinaona jekete yotuwa ija, batani likulendewera, ndipo mawu onse amene makutu anga anasunga Lolemba anabwerera nthawi imodzi. Akazi a bambo aja anachitidwa opaleshoni yapakhosi, mawu nkutheratu. Zaka ziwiri ankalankhula ndi amuna awo polemba ndi pensulo m'buku la mawotchi, poti ndi lokhalo bamboyo ankaliyang'ana tsiku ndi tsiku. Ankalitembenuza cham'mbali nkulemba mzere umodzi m'mphepete mwa tsamba, kuyambira kutsogolo kulowera kumapeto. Masabata otsiriza amayiwo analitengera kuchipatala, nkumalembamo ali okha. Masamba omalizirawo bamboyo anali asanawawerenge. Anati akafuna kutsegula, masamba amatuluka, ndipo mtima umawalephera. Ankafuna buku lilimbe kaye, kenako akhale pansi amve zimene mkazi wawo ananena pomaliza.

Ndinathamangira patebulo la mlamu. Timalamba tambiri tinali m'thireyi yake, tina tili mumtolo, tina atatisokoneza ndi zala. Mikanda makumi atatu ndi iwiri inali yokulunga kale koma yosaviika. Ndipo pazenera, pa waya, panalendewera mikanda khumi ndi isanu ndi inayi yonyezimira, vanishi atauma gwa. Buku ndinalidula chafufumimba, choncho masamba omalizira ndi amene anali pamwamba pa mtolo, ndipo mlamu anayambira pamwamba.

"Mwapanga chiyani, mlamu! Simunaone kuti ndi dzanja la munthu? Inu kuwerenga konseku, osaganiza?"

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndadula ndine?"

Ndinapsa mtima kwambiri chifukwa ananena zoona, ndipo ndinatuluka panja, kuzungulira nyumba yonse ya masitolo, nkubwerera pakhomo pomwepo ndisanaganize kalikonse. Wosoka nsapato anandifunsa ngati ndataya kanthu. Ndinamuuza kuti asamale zake.

Nditalowanso, ndinapeza mlamu atatereka kale ketulo. Sitinapepesane. Ndinatseka chitseko theka, ndipo ophunzira amene ankabwera ndinkawapatsira malipoti awo pakhomo ngati ndikuwathamangitsa. Mikanda yosaviika ija tinkaigwira ndi kopanira pa nthunzi ya ketulo mpaka guluu afewe, kenako nkuifunyulula pang'onopang'ono ndi nsonga ya singano. Kalamba kakatambasuka tinkakaika pakati pa mapepala awiri oyera nkukasita ndi simbi yofunda pang'ono. Pensulo inafooka, koma inkawerengeka.

Ntchito yowawa inali kupeza tsamba la kalamba kalikonse. Timalamba tilibe nambala. Pamene mtolo unali wosasokonezeka zinkayenda, koma pena ndinkafufuza ngati wapolisi. Banga la tiyi likayamba patsamba, ndinkafuna kalamba kamene likumalizikira. Mchira wa chilembo ukatsala m'buku, ndinkasaka mutu wake m'thireyi. Ndikapeza, ndinkalumikiza ndi kapepala kopyapyala koonekera mkati ndi guluu wopepuka wa ufa wa tirigu, nkudikira kuti kaume ndisanatembenuze tsamba. Kudikirako ndi kumene kunkandipha. Ndinkaimirira, kukhala, kupita pazenera, kuyang'ana mikanda ya vanishi ija, kubwerera. Chakudya ndinkadya choimirira, osamva kukoma.

Ndipo ndinawerenga. Panalibe kuchitira mwina, poti kuti ndidziwe malo a kalamba ndinkayenera kukayang'anitsitsa. Mayiyo ndinayamba kumudziwa. Koyambirira dzanja lake linali lalikulu, lolimba, lokalipa. "Ndamva. Ndilibe mawu koma makutu alipo." "Mwana wanu waimba foni, akufuna mumuyankhe, musazengereze." "Wotchi ya pakhoma ikuthamanga, manyazi bwanji m'nyumba ya mmisiri." Pakati pa buku anayamba kufatsa. "Lero ndamva bwino, tiyeni tikakhale panja." "Musandiyang'ane choncho, sindinafe." Chakumapeto zilembo zinachepa, zikupendekeka, pena mzere nkuthera panjira. Ndinalira kamodzi, Loweruka masana, ndipo ndinathawira kutali ndi tebulo kuti misozi isagwere papepala.

Madzulo a tsiku limenelo achimwene anabwera kudzatenga mkazi wawo. Iwo ndi munthu wa nzeru zachidule. Atamva nkhani yonse anakanda m'mutu.

"Koma achemwali, mwati mkuluyo masamba omalizirawo sanawawerenge? Ndiye mukuvutikiranji? Mapepala akale muli nawo, pensulo muli nayo. Lembani nokha zabwinozabwino, mumate. Adziwa bwanji?"

Mlamu anawakalipira, ine ndinawathamangitsa. Koma ndisaname: Lamlungu m'mawa ndinabwera ndekha, ndinatseka chitseko, ndipo ndinayesa. Ndinadula kalamba pa tsamba lachikasu la buku lina lotayidwa. Dzanja la mayiyo ndinali nditalizolowera, ndipo ndinalitsanzira bwino mochititsa mantha. Ndinalemba kuti, "Ndimakukondani, zikomo pa zonse." Nditakaika pafupi ndi tinzake, kanaoneka ngati mlendo pakati pa abale. M'timalamba zana ndi makumi asanu ndi atatu mayiyo sanalembe mawu otero ndi kamodzi komwe. Chikondi chake chinali pa mchere, pa zenera, pa mawotchi. Mwamuna amene anakhala naye zaka zonsezo akanazindikira asanamalize mzere, ndipo ngakhale akanapanda kuzindikira, ndikanakhala nditamuikira mkazi wabodza m'nyumba. Ndinakang'amba, manyazi atandigwira ngati pali wondiona.

Lolemba masana timalamba tonse totheka tinali titabwerera m'malo mwake. Ndinamaliza chikuto cha nsalu yobiriwira nkuika buku m'chopanikizira. Kunatsala mikanda ija. Ndinaiyang'ana, inandiyang'ana. Mlamu anali ataiyanika pa waya mwa ndondomeko imene anaikulungira, choncho tinkadziwa woyamba ndi wotsiriza. Ndinasankha wa tsamba lakutali ndi mapeto, ndinauviika m'mankhwala osungunulira vanishi, nkudikira.

"Musatero mlamu," iye anatero. "Vanishi amalowa m'kati, sakhala pamwamba pokha."

"Ndiye ndingokhala?"

Mkandawo unafewa ndithu. Ndinaugwira ndi singano, nsonga inatseguka. Kenako pepala linaphwanyika ngati phala, pensulo nkusanduka banga lotuwa pa chala changa. Ndinapukuta chalacho pa epuloni ndisanaganize, ndipo mawu a munthu anathera pamenepo. Inatsala khumi ndi isanu ndi itatu. Mlamu anaitenga yonse nkuiika m'thumba la siketi yake, ndipo anachita bwino.

"Mukukumbukapo zingati?" ndinamufunsa patapita nthawi.

"Ndakhala ndikuyesa chiyambire Lachisanu. Zinayi zokha ndi zimene ndingalumbirire. Zinazo ndikanena ndikhala ndikupeka."

Ndinaganizapo zotseka sitolo Lachiwiri, ndikhomepo pepala loti ndadwala. Ndinaganizanso zowapatsa buku lili m'nsalu yake ya pilo, akazionere kunyumba. M'mawa wa tsikulo ndinasesa kawiri, ndinasuntha mpando katatu, ndinalowetsa ulusi m'singano popanda chosoka. Wailesi ya wosoka nsapato itangolengeza teni koloko, chitseko chinatseguka. Anali atavala jekete yomwe ija.

Sindinawapatse mpata wopereka moni wautali, poopa kuti mtima ungandithawe.

"Bambo, khalani pansi. Buku lanu latha, koma ndalilakwira. Ndinalidula m'mphepete, mmene munali zolemba za amayi. Palibe anandituma, ndi manja anga. Zambiri ndabwezeretsa. Za masamba khumi ndi asanu ndi anayi omalizira sindinathe."

Ndinafotokoza zonse, za chimpeni, za katoni, za mikanda, ngakhale za umodzi umene ndinauononga dzulo lake. Sanandidule monga ndinawadulira ine. Anakhala pansi, anavala magalasi, anatsegula buku. Ankatembenuza tsamba limodzilimodzi, chala chikuyenda pamsoko pamene ndinalumikiza. Pena milomo inkagwedera, akuwerenga zimene ankazidziwa kale. M'sitolo munali zii, moti ndinkamva wotchi ya pamkono pawo. Ndinaima, miyendo ikufuna kuyenda, koma kopita kunalibe.

Anafika pamasamba omalizira. M'mphepete mwake munali moyera, mosalala, mmene ndinkati akondwa namo. Anatembenuza onse khumi ndi asanu ndi anayi, mpaka chikuto.

"Ndinakuuzani, mayi."

"Munandiuza, bambo."

"Ndinaima apa, ndinakuuzani zonse. Ndinali ndisanauzepo munthu, ngakhale ana anga." Mawu awo sanakwere. "Ine ndikaphwanya wotchi ya munthu, ndimasaka ina yofanana nayo mpaka ndiipeze. Izi zofanana nazo zili kuti? Miyezi isanu ndakhala ndikuzisunga. Ndikadzuka ndinkati zilipo, ndidzawerenga. Bola ndikanawerenga buku likugwa masamba."

Kupepesa ndinapepesa, koma mawuwo anatuluka aang'ono kwambiri.

Apo mlamu anadzuka pakona pake. Munthu wa pakamwa uja anabwera mwakachetechete, anagwada pambali pa mpando, natulutsa mikanda ija. Anali ataitunga pa ulusi wakuda, mwa ndondomeko yake, ndi mfundo pakati pa uliwonse.

"Bambo, amene ndinakulunga ndine. Mawu a amayi ali m'katimu, onse, kungoti satseguka. Uwu wa pafupi ndi mfundo yaikulu ndi wa tsamba lomaliza. Ine ndili ndi vuto lowerenga za eni, alamu anga amandinena tsiku ndi tsiku. Ndinawerenga pokulunga. Zonse sindingakumbuke, ndipo sindikunamizani. Ndikukumbuka zinayi."

Bamboyo anavula magalasi. Anayang'ana mikandayo m'dzanja la mlamu nthawi yaitali.

"Nenani."

"Ina inati, 'Anamwino a m'mawa ndi abwino, wa masana ndi wamwano.'"

Anatulutsa kamphepo m'mphuno, kuseka kosafika.

"Ina inati, 'Musabwere ndi nthochi, zakwana.' Ina, 'Pitani mukagone, mukuoneka ngati wodwala ndinu.'"

"Ndi iyeyo," anatero motsitsa. "Yachinayi?"

Mlamu anakhudza mkanda wa pafupi ndi mfundo yaikulu.

"Ndi yomaliza yeniyeniyo, bambo. Inati, 'Batani la jekete yanu lagwedera. Mudikire ndichire, musapatse wina.'"

Anaweramitsa mutu nkuyang'ana pamimba pawo. Ndikukhulupirira kuti linali tsiku loyamba kuliona batanilo. Linali pomwepo, likulendewera pa kaulusi kake kamodzi, likuzungulira pang'ono akamapuma. Anakhala choncho, misozi ikutsikira m'makwinya a nkhope, osaipukuta. Mlamu nayenso ankalira poyera.

Kenako anaimirira. Anakulunga buku m'nsalu ya pilo, anaika mikanda m'thumba la m'kati mwa jekete, kumanzere. Atafika pakhomo anatembenuka.

"Msoko wanu ndi wabwino, mayi. Zimenezo ndaona. Zinazo musandifunse lero."

Ndinagwedeza mutu. Koma manja angawa samva. Singano ija ndinailowetsa ulusi m'mawa inali pa epuloni, ndipo ndinapezeka nditaisolola, nditayandikira.

"Bambo, ligwa panjira limenelo. Imani pang'ono, sindichedwa."

Anayang'ana singano, anayang'ana ine. Anaika dzanja pa batanilo nkuliphimba lonse.

"Mwamva nokha, mayi. Anati ndisapatse wina."

Anatuluka, buku lili m'khwapa, dzanja lina lili pamimba. Ndinaima pakhomo ndi singano yanga, nkuwayang'ana akudutsa pa sitolo ya mankhwala, akudikira magalimoto, akuwoloka msewu. Mpaka pamene anakhota, dzanjalo sanalichotse.